Madzi a asidi a m'fakitale yokuta waya: laimu, soda, kapena makina obweza asidi?

Waya wa mpanda, waya waminga ndi misomali ya malata zimachedwa kuchita dzimbiri chifukwa cha zinki amene anazikuta. Koma zinki sagwira pa chitsulo chakuda. Waya asanalowe mumphika wa zinki wosungunuka, wotentha pafupifupi madigiri 450, amayamba waviikidwa mu asidi wa hydrochloric kapena wa sulphuric kuti makoko ndi dzimbiri zichoke. Akatero amatsukuluzidwa ndi madzi, n'kudutsa mu flux wa zinc ammonium chloride, mankhwala othandiza zinki kugwira bwino pa waya. Ena amamalizira ndi mankhwala a chromate, pamene opanga waya wowotcherera amamukuta ndi mkuwa. Paliponse pamene waya wadutsa pamatsala madzi oipa.

Madziwa ali pawiri. Pali asidi wotha mphamvu, amene amakhuthulidwa m'thanki mwa apo ndi apo. Ndi wochepa koma ndi woopsa: lita imodzi imatha kukhala ndi magalamu oposa 100 a chitsulo chosungunuka, asidi weniweni akadalimo. Ndiye pali madzi otsukuluzira, amene amatuluka tsiku lonse, ochuluka, pH yake (muyeso wa asidi: nambala ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka) ili cha pa 2 kapena 3, zitsulo zili pang'ono. Njira yoyenera madzi otsukuluzira nthawi zambiri siyenera asidi wa m'thanki. Wogulitsa makina akakupatsani mtengo umodzi wa madzi anu onse asanafunse za kusiyana kumeneku, ndiye kuti fakitale yanu sanaimvetse.

Zoyenera kudziwa musanafunse mitengo

Choyamba, m'madzi mwanu muli chiyani kwenikweni? Tungani madzi pa maola osiyanasiyana, makamaka tsiku lokhuthula thanki, mukawapimitse ku labotale: pH, chitsulo, zinki, mkuwa, chromium, amoniya, mchere, ndi mtovu ngati waya wanu amafewetsedwa mumphika wa mtovu. Ziwiri mwa izi zimasokoneza mapulani onse. Chromium wa mtundu wa hexavalent sagwa pansi ngakhale muthire laimu wochuluka bwanji. Amafuna thanki yakeyake, momwe amasinthidwa kaye ndi sodium metabisulphite pH ili pakati pa 2 ndi 3. Amoniya wa mu flux naye amakakamira zinki ndi mkuwa m'madzi, moti madzi amatuluka oyera mbee koma zitsulo zikadalimo.

Chachiwiri, madziwo akathera kuti? Ku Malawi za chilengedwe zili m'manja mwa MEPA, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2017. Chilolezo chotayira madzi mumtsinje chimachokera ku National Water Resources Authority motsatira lamulo la madzi la 2013, ndipo malire a zimene zingakhale m'madziwo ali mu MS 539 ya Malawi Bureau of Standards. Ku Zambia ndi ZEMA. Otayira mu suweji amakambirana ndi khonsolo. Malamulo ambiri amafuna pH ikhale pakati pa 6 ndi 9. Ngati fakitale yanu ili ku Makata mu Blantyre, kumbukirani kuti kumunsi kwa mtsinje wa Mudi kuli anthu amene amachapa ndi kuthirira ndiwo zamasamba ndi madzi omwewo.

Chachitatu, matope muziwaika kuti? Chitsulo sichizimirira. Chimangosamuka kuchoka m'madzi kulowa m'matope, ndipo matopewo ayenera kukhala ndi kopita kovomerezeka. Kwa ine funso ili ndi limene liyenera kulamulira chisankho chonse, ngakhale limakonda kufunsidwa makina atagulidwa kale.

Chachinayi ndi moyo wa tsiku ndi tsiku wa pafakitale: magetsi akathima chimachitika n'chiyani, mankhwala ndi zipangizo zosinthira zimafuna ndalama zakunja zochuluka bwanji, ndipo amene amakhala pa makinawo pashifiti ya usiku anaphunzitsidwa mpaka pati.

Musanagule chilichonse, chepetsani madzi. Amayi otsuka mbale pa zochitika amandandalika mabeseni atatu: mbale imayambira m'madzi akuda n'kumalizira m'madzi oyera, ndipo madzi a beseni lomaliza akada amasamukira koyambirira. Matanki otsukuluzira waya akalumikizidwa chimodzimodzi, madzi akuyenda motsutsana ndi waya, kusiyana kwake n'kwakukulu. Kuti lita imodzi ya asidi wotengedwa ndi waya isukuluke ka 1,000, thanki imodzi imafuna malita 1,000, matanki awiri pafupifupi malita 32, atatu malita 10 okha. Onjezerani chopukuta waya ndi mphepo potuluka mu asidi, ndipo ngati n'kotheka chotsani makoko a waya wamkulu ndi makina omupindapinda ndi maburashi asanafike ku asidi. Makina onse oyeretsera amene mudzagule pambuyo pake adzakhala aang'ono.

Njira yoyamba: laimu

*Mtengo.* Laimu wozima ali m'gulu la mankhwala opha asidi otsika mtengo kwambiri. Kilogalamu imodzi ya asidi wa hydrochloric weniweni imafuna pafupifupi kilogalamu imodzi ya laimu wabwino. Ndalama zambiri zimapita ku matope. Tiyerekeze kuti mwakhuthula malita 1,000 a asidi wotha mphamvu okhala ndi makilogalamu 100 a chitsulo ndi makilogalamu 50 a asidi wotsala. Chitsulo chokhacho chidya laimu wokwana makilogalamu 133, asidi adya ena 50. Matope ouma adzakwana pafupifupi makilogalamu 190, koma filter press, makina ofinya matope, imatulutsa makeke amene magawo awiri mwa atatu ndi madzi, ndiye mudzanyamula pafupifupi makilogalamu 600. Ngati asidi wanu ndi wa sulphuric, kilogalamu iliyonse imabala matope ena oyera otchedwa gypsum oposa kilogalamu ndi theka pamwamba pa zimenezo. N'chifukwa chake laimu amachita bwino pa madzi otsukuluzira, koma pa asidi wa m'thanki amakusiyirani mulu.

*Kupezeka.* Apa laimu alibe mnzake. Miyala yake imakumbidwa ku Balaka, ku Lirangwe anthu akhala akuiwotcha m'mauvuni ang'onoang'ono, ndipo ku Ndola ntchitoyi ndi yakalekale. Chenjerani ndi zinthu ziwiri. Laimu wothira m'munda ndi miyala yongopera. Amakweza pH kufika cha pa 6 kapena 7 basi, zinki sagwa pamenepo, komanso chitsulo chimakuta timiyalato n'kutitseka. Laimu wa m'mauvuni ang'onoang'ono naye amasiyana mphamvu thumba ndi thumba, ndipo mchenga wake umadya mapampu. Funsani kuchuluka kwa calcium hydroxide m'thumbamo, ndipo musunge matumba pouma ndi potseka, chifukwa mpweya umamubweza pang'onopang'ono kukhala mwala.

*Kusamalira.* Ntchito ilipo yambiri. Laimu sasungunuka bwino, choncho amayendetsedwa ngati phala lamadzimadzi lofunika kutakasa osalekeza. Magetsi akathima amakhazikika m'mapaipi n'kuuma. Thanki imodzi yophera asidi siikwana. Pafunika thanki yosonkhanitsira madzi, kenaka ziwiri zokwezera pH pang'onopang'ono, mphepo yopopera m'madzimo, polymer wogwirizanitsa timatope, thanki yodikhitsira, ndi filter press.

Mtundu wa matope umakuuzani zambiri. Laimu akangolowa, madzi amasanduka obiriwira modera, ngati ndere. Mphepo ikamalowa, kubiriwirako kumasanduka kofiirira ngati dothi la katondo, ndipo matope otero ndi amene amadikha msanga n'kufinyika bwino. Akatuluka akadali obiriwira, chitsulo china chikadali m'madzi, ndipo mawa lake mudzapeza ngalande yonse itachita dzimbiri. Kachipangizo koyezera pH nako kamachita kakhungu koyera pamutu pake m'masiku ochepa, n'kuyamba kunena 8 pamene madzi ali pa 11. Kazitsukidwa ndi asidi wosukuluka ndi kuyesedwa kawirikawiri. Mabotolo asanu ndi limodzi a madzi anu, lililonse pa pH yosiyana, atasiyidwa kuti adikhe n'kupimidwa, adzakuuzani pamene zinki wanu amagwera bwino kuposa kabuku kalikonse ka wogulitsa.

*Zoopsa.* Zinki amagwa bwino pH ili pakati pa 9 ndi 10, koma ikapitirira 11 amayamba kusungunukanso. Wantchito wothira laimu wowonjezera ndi mtima woti madzi ayere kwambiri akhoza kubweza zinki mumtsinje. Fumbi la laimu limawotcha maso ndi khungu la thukuta. Mchere suchoka: asidi wa hydrochloric amasanduka calcium chloride, amene amatsala m'madzi, choncho musafulumire kulonjeza madzi amenewa kwa othirira mbewu. Matope akaunjikidwa panja, madzi a asidi akawapeza, zinki amatulukanso.

Ndipo musadalire damu losungiramo madzi osayeretsa. Pa 18 February 2025 damu la zinyalala za asidi la Sino-Metals ku Chambishi, m'dziko la Zambia, linaphulika, asidi analowa mumtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue, nsomba zinafa ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Boma linachita kuwaza laimu mumtsinje ndi ndege. Umenewo ndi mgodi, si fakitale ya waya, koma mvula ya February sisankha damu.

Njira yachiwiri: caustic soda

*Mtengo.* Mumafuna makilogalamu 1.1 pa kilogalamu ya asidi wa hydrochloric, ndipo pa kilogalamu soda ndi wodula kwambiri kuposa laimu. Zina mwa ndalamazo zimabwerera: makina ake ndi osavuta, pampu yaing'ono ndi thanki basi, ndipo pa asidi wa sulphuric sabala gypsum, choncho matope amachepa.

*Kupezeka.* Amachokera kunja. Ndalama zakunja zikasowa, fakitale yodalira soda yekha imaima kapena imataya madzi osayeretsa. Amene mwasankha njirayi, sungani wa miyezi ingapo, ndipo thanki yanu ikhale yoti ingalandirenso laimu zinthu zikavuta.

*Kusamalira.* Mapaipi satseka. Soda wamadzi wa 50 peresenti amayamba kuuma kuzizira kukafika cha pa madigiri 12, zimene zimachitika usiku wa June ku Lilongwe, ku Dedza ngakhale ku Gauteng. Kumusukulutsa kufika pa 25 peresenti kumathetsa vutoli. Matope ake amakhala ngati utoto wosalala, ochedwa kudikha ndi ovuta kufinya, ndiye polymer amafunika wambiri.

*Zoopsa.* pH imalumpha mofulumira, kuchoka pa 4 kufika pa 12 ndi soda wongopitirira pang'ono, ndipo zinki amabwerera m'madzi. Dontho limodzi m'diso likhoza kuchititsa khungu. Posungunula wa m'matumba madzi amatentha mpaka kuthovoka. Shawa ndi chotsukira m'maso zikhale pafupi ndi thanki, zotuluka madzi ngakhale magetsi atathima.

Pali wachibale wa awiriwa amene satchulidwa kawirikawiri: magnesium hydroxide. Amafunika wochepa, magalamu 800 pa kilogalamu ya asidi, matope ake amafinyika bwino, ndipo pH siipitirira kwenikweni 9.5 ngakhale muthire wambiri. Kwa fakitale yopanda katswiri usiku, chimenechi ndi chitetezo chenicheni. Vuto lake amagwira ntchito pang'onopang'ono, amafuna matanki aakulu, ndipo naye ndi woitanitsa.

Njira yachitatu: mankhwala a sulphide

Iyi ndi njira yomalizitsira, imabwera pambuyo pa laimu kapena soda.

*Mtengo.* Ndi odula pa kilogalamu, koma amafunika pang'ono ngati chitsulo chachoka kale.

*Kupezeka.* Sodium sulphide ndi mankhwala ena monga TMT 15 amachokera kunja.

*Kusamalira.* Timatope take ndi tating'ono kwambiri, timafuna sefa ya mchenga pambuyo pake. Ubwino wake ndi woti amagwetsa zinki, mkuwa ndi mtovu kufika pansi kwambiri, ngakhale pali amoniya.

*Zoopsa.* Sulphide akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya wa hydrogen sulphide. Ukakhala wochepa umanunkha ngati mazira owola; ukachuluka mphuno imasiya kuumva, ndipo munthu amangogwa. Pafakitale yodzaza ndi asidi, valavu imodzi yotsegulidwa molakwika ndi yokwanira. Sindingalangize njirayi pamalo opanda alamu ya mpweya ndi makina otseka pampu okha pH ikatsika.

Njira yachinayi: ion exchange

*Mtengo.* Wapakatikati pogula. Poyendetsa zimadalira kuchuluka kwa zitsulo.

*Kupezeka.* Timikanda ta resin, timene timagwira zitsulo zosungunuka madzi akamadutsamo, ndi toitanitsa, koma timakhala zaka ngati tasamalidwa.

*Kusamalira.* Madzi azifika atasefedwa. Chitsulo ndi mafuta zimakuta timikandato n'kutipha. Tikadzaza timatsukidwa ndi asidi, ndipo zotsukazo zimabwerera ku thanki ya laimu.

*Zoopsa.* Resin ikadzaza siichenjeza. Zinki amangoyamba kudutsa. Ikani matanki awiri a resin motsatizana, muziyeza madzi pakati pawo.

Njira yachisanu: kubweza asidi kuti agwirenso ntchito

Njira za laimu ndi soda zimapha asidi amene munagula ndi ndalama, pogwiritsa ntchito mankhwala enanso ogula. Iyi imamulekanitsa ndi chitsulo n'kumubweza m'thanki. Ili m'mitundu ingapo, ndipo siifanana msinkhu.

Diffusion dialysis imadutsitsa asidi wotha mphamvu mbali imodzi ya nembanemba, madzi oyera mbali inayo; asidi amawoloka, chitsulo chimatsala. Imabweza pakati pa 80 ndi 90 peresenti ya asidi wotsala, ndipo imadya magetsi ochepa. Pa asidi wa sulphuric pali njira yomuziziritsa mpaka chitsulo chituluke ngati timiyala tobiriwira ta ferrous sulphate, timene timagwira ntchito poyeretsa madzi, popanga simenti ndi m'feteleza. Yaikulu pa zonse ndi spray roasting, imene inatchuka ndi kampani ya Ruthner ya ku Austria: asidi amawazidwa mu uvuni wotentha, chitsulo chimagwa ngati ufa wofiira, ndipo asidi amagwidwanso pafupifupi yense, ngakhale amene anali atamangika ku chitsulo.

*Mtengo.* Pogula ndi wokwera, ndipo spray roasting imayenera mafakitale aakulu kwambiri a zitsulo. Werengani bwino za dialysis: imabweza asidi wotsala yekha. Pachitsanzo chathu chija, ndi gawo la makilogalamu 50 aja, pamene makilogalamu 100 a chitsulo akadali kufuna laimu ndipo matope sanachepe. Ngati mumagwiritsa ntchito asidi wanu mpaka kutheratu, phindu lake ndi lochepa. Phindu lina, limene silioneka pa risiti, ndi loti thanki imakhala pa mphamvu imodzi nthawi zonse, waya amayera mofanana.

*Kupezeka.* Zonse ndi zoitanitsa, pamodzi ndi amisiri ake. Funsani kuti nembanemba ikang'ambika ina ifika patapita milungu ingati.

*Kusamalira.* Asidi asefedwe bwino, akhale wopanda mafuta ndi sopo wokokera waya, ndiponso azizire asanafike pa nembanemba.

*Zoopsa.* Zinki ndiye mdani. Mu asidi wa hydrochloric amagwirana ndi chloride n'kuwoloka nembanemba pamodzi ndi asidi, ndipo mu spray roasting amawononga makina ndi ufa womwe. Waya wolakwika wofuna kuchotsedwa zinki akhale ndi thanki yake. Asalowe m'thanki yochotsera dzimbiri.

Njira yachisanu ndi chimodzi: kupereka asidi kwa ena

*Mtengo.* Simugula makina, mumalipira pa lita ndi pa mtunda. Asidi wopanda zinki ali ndi msika, chifukwa iron chloride amagwira ntchito poyeretsa madzi a suweji. Wosakanikirana ndi zinki mumalipira kuti achoke.

*Kupezeka.* Zimadalira kumene muli. Mafakitale a waya a ku Vanderbijlpark, ku South Africa, ali m'chigawo chimodzi ndi malo otayira zinyalala zoopsa a Holfontein. Amene muli kutali ndi malo otere, dziwani kuti kuwolotsa zinyalalazi malire a dziko kumatsatira pangano la Basel la 1989, limene Malawi, Zambia, Mozambique ndi South Africa ali mamembala ake, ndipo dziko lolandira liyenera kuvomereza katundu asananyamuke.

*Kusamalira.* Thanki yosungira yosadyeka ndi asidi, yokhala m'khoma lotha kusunga zonse ikabooka.

*Zoopsa.* Wonyamula wachinyengo amakakhuthula m'khwawa usiku, mlandu n'kubwerera kwa inu. Onani chiphaso chake, pitani mukaone kumene amatayira, ndipo muzisunga kalata ya ulendo uliwonse.

Njira yachisanu ndi chiwiri: reverse osmosis ndi kuphwetsa madzi

*Mtengo.* Wokwera kuposa zonse poyendetsa, makamaka kuphwetsa, kumene kumadya moto wambiri.

*Kupezeka.* Zosefa za reverse osmosis, zimene zimadutsitsa madzi n'kutsekereza mchere, zimapezeka mosavuta, chifukwa ndi zomwe amagwiritsa ntchito opanga madzi a m'mabotolo. Makina ophwetsera osadyeka ndi mchere ndi osowa.

*Kusamalira.* Siilowa m'malo mwa laimu kapena soda, imabwera pambuyo pake. Calcium wa laimu amatseka zosefa, choncho imayenda bwino ndi soda.

*Zoopsa.* Imakusiyirani madzi ochepa a mchere wambiri ofunabe kopita, ndipo kuthimathima kwa magetsi kumafupikitsa moyo wa zosefa. Koma ubwino wake ndi woti imachotsa mchere.

Ndani atenge iti

Fakitale yaing'ono ya shifiti imodzi, yopanga misomali ndi waya wa mpanda: matanki atatu otsukuluzira, kenaka laimu m'thanki yodzaza n'kuyeretsa kamodzi. Mumathira, mumatakasa, mumayeza, mumadikira, ndipo simutsegula valavu mpaka madzi atapimidwa. Magetsi akathima madzi amangokhala m'thanki. Asidi wotha mphamvu muzimuthira m'menemo pang'onopang'ono, kapena aziperekedwa kwa wonyamula wovomerezeka.

Fakitale yoyenda usana ndi usiku ndi asidi wa hydrochloric: laimu woyenda ndi makina, matanki awiri a pH, mphepo, filter press ndi jenereta ya zotakasira. Dialysis iganiziridwe pokhapokha mutayeza asidi wotsala m'thanki yokhuthulidwa n'kupeza kuti ndi wambiri.

Ogwiritsa ntchito asidi wa sulphuric: yambani ndi makina oziziritsa otulutsa ferrous sulphate, mutapeza kaye wogula timiyalato, ndipo madzi otsukuluzira aphedwe ndi soda kapena magnesium hydroxide kuti mupewe gypsum.

Amene malo ndi ochepa, kapena kotayira matope ndi kutali ndi kodula: soda kapena magnesium hydroxide, ngakhale mankhwalawo ndi odula.

Amene mumatayira mumtsinje ndipo zinki akupitirirabe malire laimu atagwira ntchito bwino: yambani mwapatula madzi a flux, muyezenso. Akapitirirabe, onjezani resin. Sulphide asiyireni fakitale yokhala ndi katswiri wa mankhwala pa shifiti iliyonse.

Okhala ndi thanki ya chromate: thanki yosinthira chromium payokha, kapena funsani wokugulitsani mankhwala za amene alibe chromium wa hexavalent.

Amene madzi ndi osowa, kapena malire a mchere pa chilolezo chanu ndi okhwima: soda, sefa, kenaka reverse osmosis, madzi oyerawo abwerere ku matanki otsukuluzira, ndipo pezeranitu kopita madzi a mchere otsalawo musanasaine kontrakiti ya makina.